Mlandu wa Malemu Oyendayenda

M'mudzi wina umene sindiutchula dzina, poti eni ake adakali moyo ndipo alibe manyazi, mudafika makina oyankhulana ndi setilaiti. Mayi woyeza malo, a Nachisale, adati ntchito ya makinawo ndi kukhala phee. Amauza kumwamba kuti "ndili pano", ndipo malire onse amayezedwa kuchokera pomwepo.

"Alipo a mitundu itatu," adatero. "Ena timamangira pathanthwe, ena padenga lolimba, ena pachipilala cha simenti. Chachikulu asasunthe."

Thanthwe anali ataliswa kale n'kugulitsa miyala. Denga la tchalitchi limauluka chaka ndi chaka. Simenti ya chipilala idafika mayi uja atapita, ndipo idakathera pakhonde la bambo wina, a Tsekulani. Pachifukwachi a Tsekulani adasankhidwa kukhala Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yoona za Kusasuntha. Makinawo adawamangirira pangolo yawo, kuopa mbuzi.

Ng'ombe zokoka ngoloyo zikatsata msipu, mudzi wonse umayenda pamapu. Lachiwiri mjigo udapezeka m'khola la nkhumba. Lachinayi chimbudzi cha pasukulu chidawoloka mtsinje, mphunzitsi ali momwemo. Anthu adawomba m'manja, amvekere chitukuko chafika.

Ngoloyo idakhala osasuntha tsiku limodzi lokha. Ndi tsiku limene mkulu wawo wa a Tsekulani, Yelemiya Gwaza, ankabanika ndi chifuwa, mwana wake Sautso n'kudzagwada kupempha ngolo yopitira kuchipatala.

"Makina a boma sasuntha, mwanawe."

Gwaza adafera panjira, pamsana pa mwana wake. Pamaliro a Wapampando adalira kuposa onse, n'kudya kawiri.

Mvula ili pafupi, ngolo idayamba kukaima kumtunda kwa manda, kumene kudachita malire ndi munda wa fodya wa a Tsekulani. Komiti idaitana Sautso.

"Abambo ako akuyenda," adatero a Tsekulani.

"Bambo aang'ono, munthu tidamuika ndi manja athu."

"Ukutsutsa setilaiti, iwe wolekezera Sitandade 5? Sabata yatha anali kumanda. Lero ali m'munda mwanga, mizere isanu ndi umodzi!"

"Ali moyo adalephera kufika kuchipatala. Miyendo aitenga kuti?"

"Mlembi, lembani," adatero a Wapampando ali khale pakhonde. "Makina sanama. Wopezeka m'munda ndi wamoyo, achoke. Wopezeka kumanda ndi wakufa, akwiriridwe. Malemuwa akapanda kuchoka okha, Loweruka tiwafukula."

Komiti yonse idavomera. Ndi anthu omwe aja ankamwa thobwa la Gwaza.

Loweruka adzukulu adafika ndi makasu. Sautso adakhala pachiliza cha bambo ake chimene adamanga yekha. Khasu lisadagwe, padaima njinga yamoto ya a Nachisale.

"Ku ofesi tikuona kuti makina anu apita kumsika kawiri, kuchigayo kasanu. Akukagayitsa chiyani?"

Ng'ombe zidapitiriza kubzikula.

"Kodi m'mudzi muno muli chinthu chimene sichisuntha?"

Sautso adamenya chiliza ndi chikhatho. Mayi uja adachigogoda, napeza kuti ndi simenti yokhayo m'mudzimo imene idafika kumene imapita. Adamasula makina pangolo, nawamanga kumutu kwa Gwaza. Munthu amene pamoyo wake sadafunsidwepo maganizo adasanduka poyambira malire onse.

Adayeza. Mjigo udabwerera, mphunzitsi adawolokanso. Munda wa fodya udafupika mizere makumi atatu, poti eni ake ankabudula manda chaka ndi chaka. Atafika pakhonde la simenti lija, a Nachisale adayang'ana pamapu kawiri.

"Pamene mwakhalapo, a Wapampando, ndi pamanda."

Amati munda ndi manda zimasiyana chilembo chimodzi. Ngakhale wa Sitandade 5 amachidziwa. Sautso adatenga khasu kwa mdzukulu wina, nalavulira m'manja.

"Mlembi, tawerengani lamulo lija. Bambo aang'ono, mutu muloza kuti?"