Webusayiti ya apongozi

Iyi ndimainena pokhapokha mkazi wanga Esnati kulibe, chifukwa akaimva amaseka mpaka kutsokomola.

Apongozi anga aakazi ali ndi resitihausi ku Muloza, kufupi ndi boda. Ine ndine mkamwini, ndipo nthawiyo ndinkadikira kuti andiloze malo omangapo nyumba. Ndiye pofuna kugula mtima ndinadzitama kuti ndiwapangira webusayiti, ya kanema ndithu, woonetsa zipinda ndi phiri kumbuyo.

Kanemayo ndiye anandidyetsa njala. Masiku amenewo kanema sankasewera yekha pa tsamba, ankafuna pulagini, kapulogalamu kowonjezera, ndipo umaiitana ndi sikiripiti, timalamulo tolembera kompyuta. Tsono mabulawuza, mapulogalamu otsegulira intaneti aja, aliyense ali ndi mwano wake. Ndikakonza kuti uyu amve, winayo wakana. Ndikanyengerera winayo, woyamba uja wabweretsa bokosi loyera. Ndinatukwana laputopu mpaka aneba kufunsa ngati tikumenyana. Kanema atasewera pa bulawuza yanga ndinati basi, wotsalayo adziwa yekha.

Kwathu kuno mkamwini sachezerana ndi apongozi ngati anzake, mawu amadzera mwa mwana wawo. Ndiye ndinatuma Esnati kuti awaimbire, atsegule pa kompyuta yawo yakale ya pa risepishoni.

Anabwera n'kuti mayi atsegula, aona.

Ndinati afunse ngati zawasangalatsa. Yankho linali lakuti awerenga kawiri. Kuwerenga kanema? Ndinangoti ndi mayankhulidwe a achikulire.

"Uwauze kuti ndinkapanga ndikuganiza za iwowo," ndinatero, chifuwa patsogolo.

Esnati anapereka uthengawo. Akuti mayi anangoti ubwere naye mwamuna wakoyo Loweruka.

Ndinavala shati ya ukwati. Pa kabaza ndinkayeza kale maziko a nyumba m'mutu.

Tinapeza apongozi ali pa risepishoni, amalume a Esnati ali pambali, ndi madalaivala awiri a ku Milange akumwa tiyi. Ndinagwada pakhomo monga mwa ulemu. Apongozi anangotembenuza sikirini.

Kanema kunalibe. Munali mawu akuluakulu m'bokosi. Mukudziwa, mu sikiripiti mumakhala malo olembamo uthenga woti uoneke pulagini ikakana. Tsiku lina nditapsa mtima ndinalembamo zanga, n'kuiwala, popeza pa bulawuza yanga sizinkaoneka.

Amalume anavala magalasi n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono ngati kalata ya kutchalitchi: "Kanema sakuoneka chifukwa makina anu ndi nkhalamba yotha ntchito, ngati mwini wake."

Dalaivala wina tiyi anamutulukira m'mphuno.

Ndinayamba kulongosola kuti vuto ndi bulawuza, kuti ina imamva sikiripiti ina siimva, kuti mawuwo ndinkanena aliyense wa kompyuta yakale, osati iwo okha. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndikudzikumbira dzenje, chifukwa alendo onse amene anatsegula tsambalo ndinali nditawatukwananso m'dzina la resitihausi.

Apongozi sanandiyang'ane n'komwe. Anayankhula kwa mwana wawo, ine ndili chigwadire pomwepo.

"Esnati, umuuze kuti zikomo pondiganizira. Za malo aja adikire. Nkhalamba yatha ntchito, siingathe kuyenda mpaka kumunda kukaloza malire."

Mpaka lero tikuchita lendi pa Chonde. Abale, musanatukwane makina a munthu, yambani mwafunsa kuti mwini wake ndi apongozi a ndani.