Ufa Wowala wa ba Fanwell

Inu, tamverani za ba Fanwell a ku Nangongwe. Zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, iwo anachotsedwa ntchito mu labu ya fakitale, koma labuyo inakana kuchoka m'mutu mwawo.

Akazi awo, ba Winfrida, anasunga thumba limodzi la feteleza wa yureya, loti akathire chimanga ku Shimabala. Tsiku lina analipeza lafika pakati, bambo ali thukuta kamukamu, akukupizira chitini chovundikira pambaula.

"Muphika chani, batate ba Nelly?"

"Kaboni naitiraidi. Ukaocha yureya maningi, isanduka ufa wa yelo. Uja ufa uwala."

Koma fungo lake, ngati khola la mbuzi zikwi! Nkhuku zinasamuka. Pa tchalitchi choyandikana mpingo wonse unayamba kugwetsa misozi, abusa nkuganiza kuti uthenga walowa, nautalikitsa ulaliki.

Zitini zambiri zinangopserera. Ufa womwe unapulumuka unakwana m'kabokosi ka machesi, ndipo mu mdima unali zii, osawala.

"Ufuna laiti ya papo, ija ya mu disiko," anatero ba Fanwell. "Ukawala, yureya yosala ni yanga."

Mayi anangopitiriza kutsuka mbale. Bambo anati ndiye kuvomera kumeneko.

M'mawa mwake ba Fanwell anakabwereka nyali yofiirirayo ku bala, iwo dikoni wathunthu, nkuisenza kudutsa pamsika. Masana anatseka zenera ndi bulangete, aneba nkudzazana m'chipinda ngati m'minibasi.

Atayatsa, chomwe chinawala ndi malaya awo oyera, ochapidwa ndi sopo waufa: mbuu, ngati mngelo! Kenako mano a aliyense. Ufa wosaoneka nkomwe.

"Manje mugulitsa shati olo ufa?" anafunsa ba Fackson, neba wawo, nyumba yonse nkufa ndi phwete.

Ba Winfrida anasendera kwa amuna awo. Anavula chitenje chakuda, nkuwafunditsa mpaka m'khosi.

"Valani pakamwa bonse, mano yanu yachilamo kuwala."

Milomo itatsekedwa, m'kabokosi muja munaoneka kuwala kwabuluu, kochepa ngati kwa chiphaniphani, koma kwenikweni. Ngakhale ba Fackson anavula chipewa.

"Waona, amake Nelly? Leta yosala!"

"Naona, wawala bwino," anatero mayi, akuwakonza kolala. "Yosala nathira ku munda kuseni, pamene munali ku bala."