Kagemu ka Esinati kanapita ku okushoni

Mukandiona pa Sabata nditavala jekete, buku la nyimbo lili m'khwapa, mukhoza kulumbira kuti mkuluyu sananamizepo munthu. Ndinanamiza, abale anga. Ndinanamiza mwana wanga wobereka ndekha, ndipo chimene ndinanamira ndi kanthu kosaposa chikhatho, kodya mabatire awiri.

Kanthuko anabwera nako alamu anga, atsibweni ake a Esinati, pochokera ku Joni nyengo ya Khirisimasi, zaka zija aliyense atangoyamba kuvala nsalu ya chipani chimene wafuna. Ine ndi akazi anga, malemu aNabanda, tinalandira bulangete ndi sopo. Esinati, mwana wathu woyamba, amene anali sitandade sikisi, anamupatsa kagemu. Kanali kotuwa, kagalasi kumutu, timabatani tachikasu kumunsi. Ukakayatsa kankayamba ndi kanyimbo, kenako timanjerwa tinkagwa kuchokera pamwamba pa galasi, tina toongoka, tina topindika ngati khasu. Ntchito yako inali kutiyala. Mzere ukadzaza unkazimiririka, koma ukasiya mipata khoma linkakwera mpaka kugunda denga, basi wafa.

Ana a m'mudzi mwathu kuno kwa Kabudula anaiwala phada, anaiwala mpira wachikulunga. Pakhonde pathu pankangooneka mitu itagundana, wina akufuula kuti, “Itembenuze! Itembenuze iwe!” Mpaka lero ndikatsinzina ndimaiona mitu imeneyo. Ena mwa anawo ndi agogo tsopano, ena tinawaika kale.

Ine sindinakondwe nazo. Ndinali nditangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa mpingo, ndipo pa mapemphero a pamlaga ndinalankhula mwamphamvu kuti tinthu totere ndi khomo la ulesi (anthu anavomera ndi mitu, ine n'kumva kukoma). Ndiye itafika nyengo yosoka fodya, ndinapeza Esinati atakhala m'chigafa, masamba ali mbwee pambali, maso ali pamiyendo.

“Bweretsa kuno.”

“Ababa, ndangotsala pang'ono kufa.”

“Ufera m'manja mwangamu. Bweretsa.”

Analira, koma anapereka. Ndinamuuza pamaso pa amake kuti kagemuko kakagona m'sutikesi yanga ya loko, ndipo akakhoza mayeso a teremu imeneyo ndidzamubwezera ndi manja awiri. Mwanayo anapukuta misozi ndi kunena kuti, “Mwalonjezatu, ababa.” Ndinati mkulu wa mpingo salankhula pawiri.

Masiku atatu kanagonadi m'sutikesi. Tsiku lachinayi ndinatsekula kuti nditenge khadi ya kalabu yathu ya fodya, ndipo chala changa chinagunda batani mwangozi (tingoti mwangozi, nkhani ipitirire). Kanyimbo kanalira. Njerwa inayamba kutsika, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti ikukagwera pamalo polakwika. Tsono ine ndamangapo nyumba za anthu, uvuni ndautenthapo kambirimbiri. Mtima wa mmisiri sungalole njerwa kukhala chopingasa iwe ukuyang'ana. Ndinati ndingokonza imodzi yokhayi.

Pamene ndinkadzutsa mutu, mthunzi wa nkhokwe unali utasamukira mbali ina.

Mundimvetse pang'ono. Ine ubwana sindinaulawe. Mano osinthira asanathe kumera ndinali kale kudambo ndi ng'ombe za eni, kenako kumaesiteti a ku Nsaru pa utenanti. Pakhomo la sukulu ndinkangodutsa. Choseweretsa changa chinali chikwapu. Ndiye ubwanawo unachita kundilondola n'kudzandipeza ndili ndi ndevu, ana atatu ndi udindo wa mumpingo. Unalowa ngati mlendo wochedwa amene sakufunanso kutsanzika.

Ndinayamba kukatengera kuchigafa m'thumba la ovolosi. Batani lozimitsira phokoso sindinkalidziwa, ndipo wondiuza anali yemwe ndinamulandayo, choncho ndinkakafunditsa chipewa. ANabanda tsiku lina anafunsa ali panja.

“Kodi m'chigafamo mwalowa mbalame yanji? Ikumalira masana okhaokha.”

“Ndi timba ameneyo.”

“Timba wa chaka chino ngwodziwa nyimbo, eti?”

Mabatire atafooka ndinawayanika padzuwa pamwamba pa khola. Atafookanso ndinawaluma ndi mano monga tinkachitira ndi a wailesi. Atafa kwenikweni ndinapalasa njinga mpaka pa Nsaru, kunyumba nditanena kuti ndikukafuna singano yosokera ziguduli (singano zinalipo ziwiri, zotsomeka kudenga). Zinafika poti m'tchalitchi, abusa ali pakati pa ulaliki, ine ndinkayang'ana mitu ya anthu m'mabenchi ndi kumaganiza kuti mpata uli pakati pa a Jere ndi a Phiriwo mukhoza kulowa njerwa yoongoka ija, mzere wonse n'kuzimiririka. Ambuye andikhululukire.

Tsopano imvani za jeke. Kwa amene simunalimepo fodya, akauma timamusankha, n'kumumanga ndindi, kenako timamuyala m'bokosi ndi kumupanikiza ndi jeke mpaka asanduke belo lolimba ngati mwala. M'mudzi monse jeke inali imodzi, ya a Chimphonda, ndipo inkayenda khomo ndi khomo. Tsiku lako likafika sunkachedwetsa anthu, chifukwa mnzako akudikira ndipo lole ya kalabu siima.

Ine ndinkadziwa kuti jeke ibwera Lachisanu. Lachinayi chakum'mawa ndinali m'chigafa, nditatsamira mulu wa ndindi, masewera atakoma kuposa masiku onse. Ndinangomva kuti, “Odi kuno eni fodya!” A Chimphonda ali pakhomo ndi amuna awiri, bokosi lili pangolo. Akuti lole yasintha, ibwera madzulo omwewo.

Munthu amene unadzudzula gemu pamlaga, a Chimphonda ali pa benchi yoyamba, ungapezeke nayo m'manja? Thumba la ovolosi linali kumbali imene iwo anaima. Ndinangokalowetsa m'kati mwa mulu wa ndindi, n'kuimirira ndikuseka ngati munthu wosalakwa.

“Tiyambe ndi mulu uwu,” anatero a Chimphonda.

“Ayi, umenewo ngwomalizira. Sunaume bwino.”

Anatola ndindi imodzi, n'kuifinya, n'kuinunkhiza. “Akulu, fodya uyu wauma ngati mtima wa wokhometsa msonkho. Nyamulani, amuna inu!”

Ananyamula chokumbatira, ngati akunyamula udzu. Ndinayesa kuthandiza kuti mwina dzanja langa likagwire, koma manja anali ambiri ndipo onse achangu. Ndindi zinalowa m'bokosi, thabwa linaikidwa pamwamba, ndipo mwa mwambo wake mwini fodya ndiye amayamba kupukusa jeke. Ndinagwira chitsulo. Ndinapukusa kamodzi. Kawiri. Kachitatu, kuchokera pakatikati pa belo, kanyimbo kaja kanayamba kuimba.

Tonse tinaima.

“Mwamva?” anafunsa a Chimphonda.

“Ndi nkhululu,” ndinatero, thukuta lili kamukamu.

“Nkhululu mu fodya? Pukusani ife tione ngati imalize nyimbo yake.”

Ndinapukusa. Kanyimboko kanakwera, kanapotoka ngati kolasi yoyambidwa pamwamba, kenako tinamva kuti thwa. Zii. A Chimphonda anavula chipewa mwachipongwe nati, “Yagona mumtendere.” Onse anaseka, ine ndinaseka kuposa onse. Madzulo mabelo asanu ndi limodzi anasokedwa, anakwera lole, ulendo wa ku okushoni.

Patatha masabata awiri sukulu inatsekera. Ndinamuonera patali Esinati akuthamanga, pepala lili m'mwamba, nsapato zili m'manja.

“Ababa! Nambala thu! Kiyi wa sutikesi ali kuti?”

Apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni. Kudinda gemu inali ngozi, koma izi ndinachita ndili maso. Ndinalandira pepalalo, n'kuliyang'ana ngati ndikuwerenga (mwina linali chadodolido, sindikudziwa), ndipo ndinati, “Nambala thu si kukhoza. Ndiye kuti pali wina wakuposa. Ine ndinkanena nambala wani.”

Sanalire. Kukanakhala bwino akanalira. Anangotenga pepala lake, kulipinda kanayi, n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. ANabanda anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo madzi osamba ndinakatunga ndekha.

Paja amati choipa chitsata mwini. Sabata yotsatira lole inaima pabwalo n'kutsitsa belo limodzi. Labwezedwa. Dalaivala anandipatsa kakalata kochokera kwa alembi a kalabu, amene anali akadali kumsika kuyang'anira fodya wathu. Anthu anasonkhana, poti belo lobwerera ndi maliro aang'ono. Kaya linali belo lija kaya lina, sindikanadziwa, popeza manambala a paziguduli kwa ine anali ngati mapazi a nkhuku. ANabanda anali kudimba. Wowerenga amene anali pafupi anali mmodzi.

“Esinati, tatiwerengere.”

Anatenga kalata ija. Maso ake anayenda mzere woyamba, wachiwiri, n'kuima. Anandiyang'ana. Kenako anabweza maso papepala nanena momveka bwino kuti, “Akuti fodya wanu anali ndi chinyontho. Mumuyanikenso.”

“Mizere yonseyo nkhani yake ndi yomweyo?” anafunsa a Chimphonda.

“Inayo ndi moni.”

Ndinapuma ngati ng'ombe yomasulidwa pagoli. Ndinamasula belolo ndekha, kufufuza ndindi iliyonse, osapezamo kanthu. Ndinatsimikiza kuti kagemu kanadutsa m'belo lina, kanawoloka nyanja, ndipo kwinakwake kuli mzungu amene anasuta batani lachikasu. Alembi atabwerako anangondigwira paphewa nati, “Ana a masiku ano, akulu!” Ine osamva chimene akutanthauza, ndinavomera kuti, “Musanene.” Kalata ija ndinaiika m'buku la nyimbo. Za gemu sizinatchulidwenso pakhomo pathu. Teremu yotsatira Esinati anakhaladi nambala wani, koma kiyi wa sutikesi sanafunse.

Zaka zinapita. Buku la nyimbo ndinkalinyamulabe, koma wonditsekulira tsamba anali aNabanda. Atatisiya, ndinapezeka pa Sabata ndikuimba nyimbo ya maliro pa tsamba la ukwati, mdzukulu wa eni akundiseka. Ndi chimene chinandipititsa ku sukulu ya kwacha, imvi zili mbuu, kukhala pamkeka ndi amayi a zitenje. Nditayamba kugwirizanitsa zilembo ndinkawerenga chilichonse: matumba a feteleza, mapaketi a machesi, kumbuyo kwa malole. Tsiku lina kapepala kofiirira kanagwa m'buku muja. Ndinakhala pakhonde, chala pa chilembo chilichonse.

“Akulu, belo lanu labwezedwa. Apezamo kagemu ka ana kophwanyika ndi mabatire awiri. Ndachita manyazi kwambiri. Langani ana anu asamasewerere pa fodya.”

Mawu akuti chinyontho ndinawafuna kutsogolo ndi kumbuyo kwa pepala. Munalibe. Moni namonso munalibe.

Ndiye kuti kamtsikana kaja, kataima pakati pa bwalo, kanadziwa kuti m'sutikesi mulibe kanthu, kanadziwa chifukwa chake nambala thu inasanduka kulephera, ndipo kanali ndi mpata wondivula pamaso pa mudzi wonse. Kanandiveka. Ine amene ndinkaphunzitsa za choonadi ndinapulumutsidwa ndi bodza la mwana amene ndinamunamiza.

Kalatayo ndinakhala nayo zaka zina zitatu osanena kanthu (kuwerenga ndinaphunzira msanga kuposa kupepesa). Mwezi wathawu Esinati anabwera kudzandiona kuchokera ku Namitete kumene akuphunzitsa. Naye imvi zayamba. Titakhala pakhonde lomwe lija, ndinatulutsa kapepalako, n'kuvala magalasi, ndi kumuwerengera mokweza kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Sindinaphonye chilembo.

Anayamba kuseka mpaka kugwira nthiti, misozi ili chuchuchu.

“Ababa, mwawerenga bwinotu. Koma moni mwamudumpha.”

“Mwana wanga, ndinakulakwira.”

“Timba uja tinkamumva tonse. Amayi ankati tikusiyeni, simunasewerepo chibadwire.”

Pamenepo ndinayang'ana kumbali, poti m'maso munalowa kachitsotso. Ndinamufunsa ngati timagemu totere tikupezekabe, kuti ndimugulire. Anati mwina pa kaunjika, koma kake kanali kamodzi komwe kaja, kokhala ndi kachipsera pakona pomwe anakagwetsa tsiku la Khirisimasi. Kenako anapukuta m'maso nandifunsa ngati mphunzitsi.

“Tandiuzani zoona lero. Manambala a pakona ya galasi aja, inu ankafika angati?”

“Kuwerenga sindinkatha, koma ndinkaona zilembo zinayi zitandandalikana.” Ndinanena monyadira ndithu.

“Zinayi? Ine zinkafika zisanu.”

“Ndiye kuti pakhomo pano ndinali wachiwiri. Si pang'onotu.”

Anandigwira dzanja mwaulemu wonse, nati, “Ababa, nambala thu si kukhoza.”

Ndinalandira chilango changa. Koma pochoka anandiikira njerwa zomwe zija m'foni yanga, ndipo anandionetsa batani lozimitsira phokoso. Dzulo mbuzi za a Chimphonda zadya chinangwa changa chonse chimene ndinayanika, ine ndili pomwepo pakhonde. Zilembo zikadali zinayi.