Fani Yoitana Alendo

Lolemba

Kutentha kwa Okutobala kwafika poti abuluzi akuyenda chonyang'ama kuopa kupsa mapazi. Mayi a Tadala atuluka m'khitchini maso ali psuu, misozi chuchuchu. Akuti: "Khitchini yanu ya m'nyumbayi ndi uvuni wa njerwa. Likafika Lamulungu utsi wa mbaula ukadalimo, ine ndikubwerera kuseri, pansi pa mango."

Pansi pa mango! Khitchini yoti ndinajambula ndekha, n'kuuza Chikwawa yense kuti mkazi wa munthu wa ku yunivesite saphikira panja ngati pamaliro. Zosatheka. Vuto ndi laling'ono: utsi ulibe potulukira. Mankhwala ake: fani yokoka mpweya. Mawa ku Blantyre.

Lachiwiri

Minibasi, kukwera phiri, nkhuku ya munthu wina ikundiyang'ana m'maso ulendo wonse. M'sitolo mafani alipo atatu:

yaing'ono, yolira ngati udzudzu;
yapakati, yaulemu, yokwanira khitchini yanga;
yaikulu, ya m'malesitilanti.

Wogulitsa: "Bwana, yaikuluyo imakoka ndi chipewa chomwe." Ndagula yaikulu, ndi paipi yake. Pobwerera ndaifungatira pamiyendo ngati mwana wodwala. Mayi wina wafunsa ngati ili injini ya bwato. Ndamufotokozera mpaka wagona.

Lachitatu

Funso la sayansi: utsi utulukire mbali iti?

Kum'mawa kuli chingwe cha zovala cha aneba, a Nyamazawo. Nkhondo imeneyo sindingaithe.
Kumpoto kuli khola la mbuzi. Mbuzi sizinalakwe.
Kumadzulo kuli njira yodutsa anthu. Njira ilibe mwini, sidandaula.

Ndasankha njira. Mayi a Tadala: "Kunjira?" Ndawaphunzitsa za mwera ndi mmene mpweya wotentha umayendera. Angoti, "Chabwino, a digiri," n'kupitiriza kusankha mpunga.

Nyundo, tchizulo, thukuta. Ndimafuna bowo lozungulira. Khoma landipatsa mapu a Malawi, ndi Nsanje yemwe ali pomwepo kumunsi. Chala chatupa. Simenti ibisa zonse.

Lachinayi

Yalowa! Paipi yasuzumira kunjira, mulingo wa mphuno ya munthu wamkulu. Ikuoneka bwino kwabasi.

Magetsi athima. Ndaima pa swichi ngati mlonda wa pabanki. Abwera dzuwa litapendeka. Ndadina: vuuu! Utsi ukuthawa ngati wamva kuti kukubwera apolisi. Mayi akukazinga mlamba maso ali ouma, koyamba chilowere m'nyumba muno. Ndavina pang'ono. Palibe wandiona.

"Odi!" Ndi a Gasiteni, odula nzimbe ku esiteti, akuchokera ku shifiti. Sanapondepo pano chidutsire Khirisimasi. Akuti angopatuka kudzationa. Tsono munthu akakupeza ukusamba m'manja sumufunsa chimene wadzera, umangomupatsira beseni. Mutu wa mlamba, gawo langa la m'malamulo, wapita ku esiteti. Potsanzika akuyamikira m'chiyankhulo cha kwawo: "Pyadidi, bambo, pyadidi!" Ndi munthu wachikondi, basi. Zangochitika.

Lachisanu

Nyama ya mbuzi yokazingira anyezi. Fani ikugwira ntchito mokhulupirika. Obwera kudzationa:

a Gasiteni, kudzathokoza za dzulo;
mnzawo wa a Gasiteni, kudzaperekeza;
wakabaza wina, tcheni chaduka pakhomo pathu penipeni;
alamu anga.

Alamu amakhala ku Maseya. Ku Maseya! Akuti anali pa boma, "mtima unangondiuza kuti kaoneni achemwali." Mtima umenewo uli ndi mabowo awiri ndipo umakhala pamwamba pa ndevu.

Ine ndapeza msuzi ndi fupa lopanda mbiri. Mayi akutsuka mbale uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi, zomwe n'zoopsa kuposa kulalata.

Loweruka

Osataya mtima. Wophunzira amayesa njira zingapo.

Mmawa: kukazinga mazira fani ili yothima. Utsi wabwerera, misozi yabwerera. Mayi: "Mawa ndi Lamulungu, paja." Ndikudziwa kalendala, mayi.

Masana: kuwonjezera paipi, ikwere kupitirira denga. Ndamanga ndi malegeni. Zotsatira: fungo tsopano likuwoloka msewu mpaka pa siteji ya akabaza. Matcheni awiri aduka. Sindinakonze khitchini, ndatsegula wailesi.

Madzulo: kunamiza mdani. Ndalamula nyemba zopanda mafuta, zopanda anyezi. Palibe odi! Ndikudziyamikira, a Nyamazawo atulukira pampanda: "Aneba, lero kukumveka nyemba zokhazokha. Kwagwanji? Ntchito ilipobe?" Atitumizira kambale ka matemba, chisoni chili pankhope. Mawa ku tchalitchi atipempherera, ndikudziwa.

Ndiye kuti fani imeneyi ikaona nyama imaitana mudzi, ikaona nyemba imalengeza umphawi. Chinsinsi sichidziwa.

Lamulungu

Atipemphereradi. "Mabanja amene akudutsa m'nyengo zovuta." Anthu atembenukira kwa ine. Ndati ameni.

Kunyumba mayi sanafunse munthu. Mbaula, kampando, nkhuku: ulendo wa kuseri, pansi pa mango. Ndayesa kunena za paipi yopinda. Akuti: "Panja fungo limamwazika, mphepo imagawira aliyense pang'ono. Lanu lija limayenda ndi adiresi."

Ndakhala pamphasa, mthunzi uli bwino, ntchafu ya nkhuku ili m'manja mwanga, yanga ndekha. Palibe odi. Kudzera pampanda ndikuona a Gasiteni aima pansi pa paipi, mphuno m'mwamba. Anunkhiza. Anunkhizanso. Akuwa: "Yafa kale? Zinthu za masiku ano!"

Ndayankha pakamwa pali podzaza: yafa, a Gasiteni, yafa.

Khitchini yanga tsopano ndi mosungira matumba a mapira. Mayi akuti mapira sakhetsa misozi. Fani ndaizula, mapu a Malawi ndatseka ndi katoni. Mawa ndikaiika kuchipinda, izikoka kutentha. Paipi ndiilozetsa ku khola.

Mbuzi sizidziwa odi.