Kabaza pa Bwalo Lothamangitsira Njinga

Mpaka lero ndikamafika kutchalitchi kwathu ku Maryhill, pali azibambo ena amene amakweza mkono n'kufuula kuti, "Kabaza!" Sindikwiya ayi. Koma popeza nkhaniyi aliyense akuithira mchere wake, bola ndiifotokoze ndekha mwiniwakene.

Ndisanabwere ku Glasgow kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinayendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Lilongwe kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndanyamulapo amayi oyembekezera, matumba a makala, nkhumba yamoyo, ngakhale bokosi la maliro (munalibe munthu, musadandaule), ndipo sindinagwetsepo aliyense. Choncho nditagula njinga yanga kuno n'kuphunzira mwadongosolo mpaka kutenga laisensi, mapewa anali m'mwamba. Mphunzitsi wanga, Msikochi wandevu zofiira, ndi amene anandiuza kuti pali masiku ena amene anthu wamba amaloledwa kukathamangitsa njinga zawo pa bwalo la mpikisano, ndipo iyenso adzakhalako. Ndinalembetsa tsiku lomwelo.

Vuto linali akazi anga, amake Thoko. Iwo ndi nesi, ndipo amagwira m'chipinda cha othyoka mafupa.

"Bambo a Thoko," anatero, "anthu a njinga ine ndimawasambitsa ali ndi zitsulo m'miyendo. Ndipita nawo ndikadzionere ndekha. Ndikakaona kuti mukusewera ndi moyo, Lolemba njingayi ikugulitsidwa."

Mayi amenewa salankhula kawiri. Ndipo njinga imeneyo ndimaikonda, osabisa.

Bwalolo lili kutali ndi mzinda, ndiye tinapempha a Nyirenda, akulu a mpingo, kuti atinyamulire njingayo pa vani yawo. Anabwera ndi malamba akuno aja okhala ndi kachitsulo kokungira. Ndinangowayang'ana n'kuseka. Ine ndinali nditapempha kale machubu akutha kwa okonza njinga zakapalasa ku Partick, n'kuwadula bwinobwino kukhala malegeni.

"Achimwene, tsobola wakale sawawa," anatero a Nyirenda. "Kuno timamanga ndi malambawa."

"Abambo, malegeni anandimangirapo nkhumba kuchokera ku Mitundu mpaka m'tauni. Njinga siphupha ngati nkhumba."

Ndinamanga. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, phazi nditaponda pa tayala, mfundo pamwamba pa mfundo. Ndipo ndinene monyadira: ulendo wonse, m'makona ndi m'zitunda, njinga ija sinasunthe ngakhale pang'ono. Ngakhale a Nyirenda anavomereza.

Titafika, mfundo zija zinakana kumasuka. Mphira itanyowa ndi kamvula ka kuno, zala zili gwa ndi kuzizira, ndinalimbana nazo ndi zikhadabo, kenako ndi mano. A Nyirenda anatulutsa mpeni, ine n'kukana (legeni wabwino sadula, funsani wakabaza aliyense). Pamene ndinkamasula yomaliza, anzanga onse odzathamangitsa njinga anali atalowa kale m'chipinda momwe ankalangiza malamulo a pabwalo. Ndinalowa chozemba n'kukhala kumbuyo, wolangizayo akupinda timbendera take tamitundumitundu. Ananena kuti amene sanamvetse afunse. Ine, katswiri wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndifunse pamaso pa anthu? Safunsa anadya phula.

Anatimata magalasi oonera kumbuyo kuti tizingoyang'ana kutsogolo. Anzanga anadandaula. Ine ndinangomwetulira, chifukwa kabaza wanga wa ku Lilongwe analibe magalasi chiyambire.

Abale, msewu umenewo! Wopanda dzenje, wopanda mbuzi, wopanda minibasi yoima pakati. Titazungulira kawiri kumbuyo kwa mphunzitsi, anatimasula, ndipo ndinaipatsa moto. Ndinapendekera m'makona monga anandiphunzitsira, maso patsogolo, ndipo ndinapitirira anthu atatu. Aliyense ndisanamupitirire ndinkamuimbira hutala kawiri, monga mwa ulemu. Pa kona iliyonse yosaoneka kutsogolo ndinkaimbanso. Pambuyo pake ndinamva kuti pa bwalo lonselo hutala inkamveka yanga yokha. Koma mtima wanga unali m'mwamba, ndinkaimba nyimbo m'chipewa.

Kenako, pa kona ina, ndinaona bambo wovala zachikasu ali m'mbali mwa msewu, atakweza mkono, akugwedeza kansalu kachikasu. Sindinaganize n'komwe. Dzanja linagwira buleki lokha, phazi linatsitsa magiya lokha, ndipo ndinakhotera pambali n'kuima ndendende pamene anaima iye. Ndinatukula galasi la chipewa, pakamwa n'kutuluka mawu amene ndinawanena kambirimbiri m'moyo wanga:

"Tikupita kuti, bwana?"

M'Chichewa. Kwa mzungu.

Bambo uja maso anatuluka. Anakuwa pa wailesi yake ya m'manja, ndipo mbendera zofiira zinatuluka pa bwalo lonse. Njinga zonse zinabwerera poyambira chifukwa cha ine. Mbendera yachikasu ija, ndinauzidwa, imangotanthauza kuti chepetsa liwiro, kutsogolo kuli vuto. Kuima pakona n'koletsedwa, popeza wobwera kumbuyo akhoza kukuwomba.

Mphunzitsi anandikalipira nkhope ili psuu kuposa ndevu zake. "Waimiranji? Njinga yawonongeka?"

"Ayi, bwana. Munthu uja anandiimitsa."

Nditamufotokozera za ntchito yanga yakale, anagwira mawondo n'kuseka mpaka kutsokomola. Anandikhazika pansi ngati mwana wa sitandade wani, kundiphunzitsa mbendera imodziimodzi, kenako anandilola kubwereranso masana. Ndinayenda bwino, sindinaimire munthu, koma mumtima ndinali nditatsanzikana nayo kale njinga yanga. Amake Thoko anaona zonse ali pa mpanda.

Tinakweza njinga m'vani n'kuyamba ulendo wobwerera. Tikulowa mumzinda m'pamene amake Thoko anayankhula.

"A Nyirenda, munawaona anyamata aja? Aliyense kumangothamanga ngati kwawo kulibe womudikira. Pa gulu lonse lija, amene anaona kuti m'mbali mwa msewu muli munthu ndi bambo a Thoko okha." Kenako anatembenukira kwa ine. "Zopusa, inde. Koma njinga ikhale."

Ndinayang'ana pawindo kuti a Nyirenda asaone misozi.

Lamulungu lotsatira ndikuliza njinga panja pa nyumba, ndinaona amake Thoko ataima m'mbali mwa msewu, atavala chipewa chobwereka, akukweza mkono. Chikwatiraneni chathu anali asanakwerepo njinga yanga, ngakhale ku Lilongwe. Amati munthu aphunzirepo kanthu pa zolakwa zake, ndipo mbendera zonse tsopano ndimazidziwa pamtima. Koma apa ndinaimanso, n'kutukula galasi.

"Tikupita kuti, mayi?"

"Kutchalitchi. Ndipo muziimba hutala."