Nkhondo ya Phala Loyera ndi Silikoni Wofiira

Tcherani khutu, inu nonse a zikhadabo zakuda ndi girisi, ndi inu amene munaimapo m'mbali mwa msewu boneti ili yasa, kudikira kuti injini izizire, pakuti ndikufuna kusimba za nyengo ija ya mdima pamene galaja ya pakona, imene inapirira mvula, dzimbiri ndi makasitomala odziwa zonse, inang'ambika pakati chifukwa cha tinthu tiwiri tokwana m'thumba la malaya.

M'galajamo munkalamulira ngwazi ziwiri. Yoyamba inali Chiphwanya, mkango wa kunsi kwa galimoto, iye amene akatsokomola bawuti imamasuka yokha, ngakhale kuti dzinalo, tikanena zoona, analitengera ku mabawuti amene anawathyola pomanga mopitirira muyeso. Yachiwiri inali mlamu wake Chimata, mlongo wa akazi ake, mwamuna wokhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe bowo pansi pa thambo limene silikoni wofiira sangatseke. Amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma awa analira zaka zambiri osajomphana, kufikira tsiku limene galimoto ya akazi a Chiphwanya inayamba kutaya madzi.

Mayiwo anali atadandaula kale kangapo, koma mukudziwa inu, galimoto ya mkazi wa makaniko ndiyo imakonzedwa pomalizira. Tsikulo anatulukira ndi chigubu m'manja, nthunzi ili tolo kutsogolo kwa galimoto, n'kuponya makiyi pabenchi.

"Bambo, ndatopa kuyenda ndi chigubu ngati wogulitsa madzi. Pobwera madzulo ndiipeze ili bwino. Ikakhala ikudonthabe, ndiwoloka nayo msewu."

Chiphwanya anasuzumira kunja. Kutsidya kwa msewu kunali galaja ina, ya munthu wa ovolosi yosita, wokonda kuima pakhomo pake n'kumamwetulira popanda chifukwa. Mkazi wa Chiphwanya akapereke galimoto kwa ameneyo, msewu wonse ukuona? Bola kumezedwa ndi nthaka.

Ngwazi ziwirizo zinapinda manja a maovolosi. Zinapeza kuti pampu ya madzi yatha, zinaichotsa, zinapala gasiketi yakale yotchinga madzi pakati pa pampu ndi injini mpaka chitsulo chinawala, ndipo pampu yatsopano inabwera. Nkhondo inabukira pa mabawuti. Ena mwa mabawuti a pampuyo amalowa mpaka m'njira imene madzi amayenda mu injini, ndipo mazinga ake akapanda kupakidwa kanthu, madzi amakwera nawo n'kutulukira kunja.

Chiphwanya anakweza kachubu ka phala loyera ngati mkondo.

"Alamu! Phala ili linapangidwira mazinga. Silithawa kutentha, siliopa madzi, ndipo tsiku lodzamasula bawuti imatuluka mwaulemu. Ndalipaka pa mainjini amene eni ake anali atawalira kale maliro, ndipo akuyendabe!"

Chimata anatulutsa chubu chake chofiira, chopindikapindika ndi ukalamba.

"Alamu, phala lanulo n'la anthu amantha. Silikoni uyu akagwira wagwira. Ndinamata naye denga lino, ndinamata naye nsapato zanga, ndiye andikanike kabawuti?"

"Nanga nyenyeswa zake zikaduka n'kukatseka redieta ya akazi anga?"

"Akazi anuwo ndi mlongo wanga. Ndinayamba kuwasamala inu musanaphunzire kugwira sipanala!"

Mawu amenewo anamulasa Chiphwanya, chifukwa anali oona. Ndipo popeza kutsutsa galu n'kukumba, anagawana dziko: mabawuti a kumanja akhale a phala loyera, a kumanzere a silikoni wofiira, ndipo mbali imene idzayambe kudontha mwini wake asadzatsegulenso pakamwa pa nkhani ya mazinga mpaka kumanda.

Kuyambira pamenepo sanalankhulanenso. Uthenga wonse unkadzera kwa galimoto.

"Galimoto iwe," anatero Chiphwanya, "uwauze ena kuti aponda sipanala yanga."

"Galimoto iwe," anayankha Chimata, "uwauze enawo kuti sipanala ya mmisiri sigona pansi."

Wina akawerama pa injini, mnzake ankapita kukayang'ana khoma. Chiphwanya anatsuka mazinga ake ndi bulashi ya waya, anapaka phala mosamala ngati mayi wodzoza mwana mafuta, ndipo pomanga anadziletsa kwambiri kuti asathyole ngakhale imodzi. Sanagwirepo ntchito yokongola chotero chibadwire. Mumtima ankaona kale mlamu wake atazyolika, akazi ake akumunyadira, wa ovolosi yosita kumwetulira kutamuthera.

Dzuwa litapendeka anathira madzi mu redieta, Chimata n'kuliza injini. Ngwazi zonse ziwiri zinagwada, aliyense maso ali pa mbali ya mdani wake.

Madzi sanasankhe mbali. Anatuluka kumanja, kumanzere, pamwamba ndi pansi, chuu, mpaka anafika pa mawondo a ankhondowo.

"Silikoni wanu uyo!"

"Phala lanu ilo!"

Chiphwanya anadzuka kuti atenge chiguduli, ndipo maso ake anagwera pabenchi. Gasiketi yatsopano, imene imayenera kukhala pakati pa pampu ndi injini, inali phee m'pepala lake, yosatsegula. Iye ankayesa kuti waiika ndi Chimata, Chimata ankayesa kuti waiika ndi iye, ndipo galimoto, mthenga wawo wokhulupirika, sinauze aliyense. Mabawuti onse anali ouma bwinobwino.

Apa mkango wa kunsi kwa galimoto unachita zimene mikango imachita pa nthawi yoopsa: unakhalira gasiketiyo. Ndipo nthawi yomweyo akazi ake analowa.

Mayiwo anayang'ana dziwe la pansi, anayang'ana mlongo wawo wonyowa, kenako amuna awo amene anakhala njo pabenchi ngati mlendo.

"Bambo, taimirirani."

"Ndatopa, mayi."

"Taimirirani."

Anaimirira. Gasiketi inamatirira ku ovolosi kwa kanthawi, kenako inagwa pansi pamaso pa onse.

"Tipatseni kanthawi kochepa, achemwali," anatero Chimata ndi mawu aang'ono.

"Kanthawi ndinakupatsani m'mawa, achimwene. Tiyeni, kankhani."

Motero mbiri ikunena kuti galimoto ija inawoloka msewu, mayi ali pachiwongolero, ngwazi ziwiri zikukankha kumbuyo phewa ndi phewa, magalimoto ataima, ogulitsa m'mashopu atatuluka kudzaonera. Wa ovolosi yosita anawalandira ndi ulemu wopweteka kuposa mbama. Chiphwanya anamva manyazi mpaka m'mano.

Atabwerera, anakhala pa matayala akale osayang'anana. Kenako Chimata anagula botolo limodzi la zozizira, analitsegula ndi sipanala, ndipo anamwa molandizana. Anagwirana chanza, dzanja loyera ndi dzanja lofiira, n'kulumbira pamaso pa jeke kuti mwa iwo palibe amene adzayang'anenso kutsidya. Atangolumbira, onse awiri anayang'ana kutsidya komweko.

Wa ovolosi yosita uja anali atatenga bawuti, akukulunga mazinga ake ndi katepi koyera.

"Alamu," ananong'ona Chiphwanya, "mukuona zimene ndikuonazi?"

"Tepi ya mapulambala!"

"Pa injini! Idontha imeneyo."

"Idontha ndithu, alamu. Tingodikira."

Anaseka mpaka misozi, anagundanitsa masipanala, ndipo mtendere unabwerera m'galaja ya pakona. Chiyambire tsikulo, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, Chiphwanya amagwada pabwalo la nyumba yake n'kusuzumira kunsi kwa galimoto ya akazi ake ndi chiyembekezo chachikulu. Pansi pamakhala pouma.