Chilombo Chimene Chinagonera Madzi Anga pa Rivirivi

Ndinali m'dzenje lofika m'khosi, mumchenga wa Rivirivi kumunsi kwa Utale, mwana kumbuyo, khasu m'manja, pamene chitsulo chinamenya chinthu n'kulira ngati belu la ku mishoni. Inu Abiti Juma, amene munaseka nkhani yangayi m'kalasi muja mpaka choko kukupulumukani, werengani bwino, poti masiku ano mumatha kuwerenga. Aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha atiuza kuti ku Karonga anthu ophunzira akufukula mafupa a zilombo zakalekale zotchedwa madainoso, ndipo ati kuno kwathu sizinapezekepo. Iyayi. Chimodzi ndinachifukula ine, nthawi ya azungu, ndipo wokana abwere ndikamuonetse dzenje lake. Sindibwereza kawiri, ndili ndi nandolo wofuna kumenya.

Chinali chaka chija mvula inatithawa. Mtsinje unauma mpaka achule ankayenda m'makomo kupempha madzi. Ife tinkakatunga ku Shire, kunyamuka kusanache, kubwera dzuwa litapendeka, mtsuko umodzi wa ana onse ndi bambo wawo yemwe. Wamng'ono, Esinati, anali atayamba kulira kopanda misozi. Ndiye ndinati ndikumba pomwe pano mpaka ndiwapeze madzi, ngakhale ndikatulukire ku Mangulu kumene anachokera amayi anga.

Chimene khasu linamenya chinali fupa, lofiirira, lolemera ngati mwala. Pansi pake mchenga unali wonyowa, ndipo nditaika khutu ndinamva madzi akulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Ndinakumba motsata fupalo kuti ndione pothera pake, ndinakumba mpaka mwana kumbuyoko anamera mano, mpaka khasu linaperepeseka n'kutsala ngati supuni, ndiye ndinaona kuti inali nthiti imodzi chabe, ndipo panali ina, ndi ina, chilombo chonse chitagona pamadzi anga ngati nkhuku pamazira. Mukumva?

Madzulo ndinawauza amuna anga, a Matiyasi. Anali munthu wabwino, koma mlenje. Mfuti yawo ya gogodela inkapha mbira imodzi pachaka ndi njovu zambirimbiri kumowa. Anapita kukaona, anazungulira dzenje manja ali kumbuyo, n'kugwedeza mutu.

"Amake Yohane, ichi ndi chija ndinachiwombera chaka chatha. Chinathawa ndi chipolopolo."

"Ndiye tengani khasu linalo, bambo ake Yohane, tichichotse."

"Mlenje akapha wamaliza yake. Kusenza n'kwa ena."

Anapita kumowa, ndipo nkhani inachoka kumowako ndi miyendo yake mpaka inakafika ku boma. Tinangoona kwatulukira asikali, womasulira, ndi mzungu wina wophunzira za miyala, woonda, khosi lopsa ndi dzuwa. Mzunguyo anagwada m'dzenje langa, n'kunyambita fupa lija. Kenako anakhoma zikhomo, anazunguliza chingwe, n'kulamula kuti wina asakumbenso.

Ine ndinati zili bwino, munthu wa boma abweretsa mapiki ndi anyamata, mawa timwa madzi. Anatsegula bokosi. Munali kaburashi kotsukira mano ndi singano. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, bambo wamkulu wandevu anagona chafufumimba n'kuyamba kusesa dzino limodzi la chilombocho, kusesa, kupemerera, kujambula papepala, kusesanso, mango anachita maluwa, anabala, anapsa, ana anadya, mbewu zake zinamera, iye ali pa dzino lomwelo. Ine m'mawa uliwonse ndinkamudutsa ndi mtsuko wanga ulendo wa ku Shire.

Tsiku lina ndinamuimitsa womasulira uja.

"Achimwene, afunseni abwanawo, amaliza liti?"

"Ati madzi akatuluka msanga aononga mafupa. Fupa lililonse alijambule kaye mmene lagonera."

"Ndafunsa kuti liti."

"Ati mwina mwana wanuyo akamadzakwatiwa."

"Auzeni kuti akapanda kumwa sadzakwatiwa."

Sindikudziwa ngati anamasulira. Kudikira ine sindinabadwe nako. M'mawa wina mzungu atapita ku Balaka kukatumiza lamya kwa anzake, Esinati anakana bere, milomo itang'ambika ngati pansi pa dambo. Ndinamusiya pamthunzi ndi mlongo wake Yohane, ndinamanga nsalu m'chiuno, n'kulumpha chingwe chija.

Ndinayambira kumutu. Ndinagwira chibwano, ndinaponda pamphepete, ndinakoka monga timazulira chinangwa, ndipo khosi linayamba kutuluka, linatuluka, linatulukabe, ine ndikubwerera chambuyo mpaka ndinaoloka munda wa eni, ndinaoloka njanji, ndinalonjera anthu a mudzi wina amene sindinawaonepo, khosi lisanathe. Mukumva, Abiti Juma? Khosi lokha. Nthiti ndinazisolola imodziimodzi ngati mapaso a denga lakugwa. Fupa la ntchafu linandivutako pang'ono, chifukwa poligudubuza linagwetsa chulu, koma dzuwa lisanafike pamutu chilombo chonse chinali pamtunda.

Chingwe cha mzungu chinali chachifupi, ndiye ndinasenda mlambe wathunthu kuti ndipeze luzi, ndipo mlambewo ulipo mpaka lero, wamaliseche, sumayang'ana anthu. Mafupa ndinawatunga ngati mikanda. Nkhata ndinapinda denga lonse la nkhokwe yathu, poti munalibe chimanga choti n'kunyowa. Ndinasenza ndekha, wonditwika panalibe, ndinati katundu wa mwini ndikamutulire mwiniwake komwe ali. Mutu wa chilombocho ukulowa pa sitesheni ya Balaka, mchira unali ukusesabe pabwalo langa ku Utale, ndipo Yohane anayanikapo malaya. Sitima yochokera ku Limbe inaima kudikira kuti khosi lidutse, anthu anatsika, anaphika, anadya, awiri anadziwana mpaka kufunsirana ukwati. Nditatula m'ngolo ya katundu, sitimayo inatsokomola ngati nkhalamba.

Mzungu uja anatuluka m'chipinda cha lamya, anaona mulu wa mafupa, n'kukhala pansi pafumbi. Tsitsi lake linachita imvi ine ndikuona, kuyambira kutsogolo kupita kunkhongo. Anafunsa mofatsa, kudzera mwa womasulira, kuti fupa liti linali pafupi ndi liti.

Ndinati, "Afunseni a Matiyasi. Ndi amene anachipha."

Ndimamva kuti kutsidya kwa nyanja akulumikizabe mafupawo mpaka pano, ndipo nthawi zina chimatuluka ndi miyendo isanu. Ndinamumvera chisoni ndithu, sanali munthu woipa, koma ndinalibe nthawi yokhala naye pansi.

Pobwerera ndinapeza dzenje ladzaza. Madzi oyera, ozizira mpaka mano kuwawa, akutumphuka phee pamene panagona mtima wa chilombocho. Esinati anamwa, anamwanso, kenako analira, ndipo misozi inatuluka. Anthu anabwera ndi mitsuko kuchokera ku Phalula komwe, ndipo chitsimecho sichinaphwe ngakhale ng'ombe za dziko lonse zitamwapo.

Mlandu unabwera pambuyo. Wa ine unatha msanga, chifukwa palibe anakhulupirira kuti mkazi mmodzi angasenze zonsezo, monga mmene inu mukukanira. Koma asikali aja sanaiwale chimene chinawabweretsa: munthu wapha nyama yaikulu wopanda laisensi. A Matiyasi anaitanidwa ku boma ndi gogodela wawo, ndipo anzawo onse a kumowa anawaperekeza kuti akamve.

Mzungu wa miyala, ngakhale ndinamumeretsa imvi, anaimirira kuwateteza. Anati chilombo ichi chinafa munthu asanalengedwe, Shire asanapeze njira yake, mapiri a Machinga asanamere, ndipo palibe mfuti imene inachikhudza. Bwana woweruza anayasamula, n'kunena kudzera mwa womasulira kuti nkhaniyi ndi yaifupi.

"Mungonena kuti simunaphe ndinu, mutenge mfuti yanu, muzipita."

Ndinawakoka jekete. "Bambo ake Yohane, nenani zoona kamodzi kokha. Sizipha munthu."

Anacheuka, anayang'ana anzawo a kumowa atandandalika pakhonde, makutu ali tcheru. Anakonza kolala, anatsokomola pang'ono.

"Ndinachiwombera pansi pa khutu, bwana. Kamodzi."

Mfuti inatsala ku boma. Tinabwerera wapansi, iwo patsogolo, akuyenda ngati munthu wopambana mlandu. Koma mkamwini wopanda mfuti sangakhale pamudzi pa amayi anga manja ali lende. Ndinawapezera madebe awiri ndi mtengo wopachikira paphewa. Kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yawo, madzi a pakhomo pathu ankatunga ndi a Matiyasi, m'mawa ndi madzulo, mwamuna yekha pakati pa akazi, akuwaseka, iwo akulozera aliyense pamene anaima powombera. Powasambitsa tsiku la maliro, phewa lawo lamanja linali lotsika kuposa linzake, ndipo linapita m'manda lili choncho.